Waya Wanga Wonyezimira

Mwina nanunso yakupezani kale nkhani imene yakhala ikunong'onedwa pasukulu pathu, yoti Madamu a sayansi anasankhiratu kalekale mtsikana wopita ku mpikisano wa kumzinda waukulu, ndipo zoti atiyese Lachisanu zija kunali kungophimba anthu m'maso. Ena amati msuweni wanga amauzidwiratu mayankho akamatsalira mu labu nthawi ya buleki. Pofika Lachitatu lapitali nkhaniyo inali itamera nyanga: akuti msuweni wangayo ndi mwana wa Madamu, anamubereka akadali pasukulu n'kukamubisa kwa achibale. Bodza lamkunkhuniza limenelo. Mayi ake ndikuwadziwa, ndi azakhali anga, mlongo wawo wa abambo, ndipo mphuno zawo, mayi ndi mwana, ndi chimodzimodzi.

Ya mayankho ija, chabwino ndivomere, inachokera kwa ine. Koma ndinangouza munthu mmodzi yekha, mnzanga wa pa desiki, ndipo ndinayamba ndi mawu oti "mwina". Kumene "mwina" wangayo anagwera panjira, ine sindikudziwa.

Kusukulu amanditchula Wailesi, chifukwa akuti ndikayamba kulankhula palibe amene amadziwa pozimitsira. Msuweni wanga amamutchula Kachete. Anabwera kudzakhala kwathu kumayambiriro kwa teremu, azakhali atapeza ntchito kutali. Timagona chipinda chimodzi, bedi limodzi, ndipo iye amadzuka msanga n'kupinda bulangete mbali yake yokha, kuti amayi akasuzumira aone mbali imene imagona munthu ndi mbali imene imagona nkhumba. Iye amati sachitira dala. Ine ndimamudziwa.

Tisanapite patali mudziwe kuti pa sayansi, nambala wani m'kalasi mwathu ndinali ine. Palibe amene ankayandikira. Ndiye kabwera kamunthu koyenda ngati kakuopa kuponda nyerere, mayeso oyamba omwe, kandiposa ndi mamalikisi awiri. Awiri okha, koma anandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Za mamalikisi ndikanapirira. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi za abambo.

Abambo anga amawotcherera zitsulo. Shedi yawo ili kuseri kwa nyumba, ndipo mumakhala mageti, mafelemu a mawindo, makwerero, ndi kafungo kachitsulo chopsa kamene kamalowa mpaka m'zovala zoyanika pachingwe. Chibadwire changa, mawu awo kwa ine ndi amodzi: "Iwe, patali! Usayang'ane!" Chigoba chawo cha galasi lakuda chija sindinachivalepo n'kamodzi komwe.

Tsiku lina ndikuchokera kogula tomato, ndinapeza Kachete ataima m'shedimo, chigoba chili kumutu, abambo akuwotcherera pafupi naye, moto uli thetheteee.

"Amalume," anafunsa atavula, "n'chifukwa chiyani tsiku lija maso anakutupani, chonsecho simunapse paliponse?"

Abambo anazimitsa makina. Kuzimitsa makina chifukwa cha funso la mwana! Ine ndikawafunsa kanthu amayankha ali chowerama.

"M'motomu muli kuwala kwina kumene maso saona," anatero. "Kumene ukuona kwa buluuku n'kochepa. Kosaonekako ndiye koopsa. Ukangoyang'ana wopanda galasi, tsiku lomwelo sumva kanthu, koma mawa lake umadzuka ngati wina wakuthira mchenga m'maso."

"Inenso ndivale," ndinatero.

"Iweyo? Ungavale chigoba n'kukhala chete mphindi ziwiri? Ulankhula mpaka galasi lichite nthunzi."

Anaseka onse awiri. Ine ndinakasiya tomato kukhitchini mwamphamvu moti mmodzi anaphulika.

Sabata yotsatira Madamu anayamba mutu wa kuwala. Anatiuza kuti kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo kuli ndi abale ake ambiri amene sitiwaona: wina wa mafunde afupiafupi amene amajambula mafupa kuchipatala, wina amene amawotcha khungu padzuwa, wina amene timamumva ngati kutentha tikayandikira mbaula, mpaka wa mafunde ataliatali amene amanyamula mawu a pawailesi. Atangotchula wailesi kalasi lonse linatembenukira kwa ine n'kufa nako kuseka.

"Ee," anatero Madamu, "ameneyo ndi wa mafunde ataliatali zedi. Amafika mpaka ku fomu folo."

Ine sindinakwiye, kutchuka n'kutchuka basi.

Kenaka anajambula atomu pabolodi. Anati kanthu kalikonse kanapangidwa ndi timaatomu, ndipo mu atomu muli tinthu tina totchedwa maelekitironi. Timeneti sitikhala paliponse pamene tafuna, tili ndi malo ake oikika. Ukatenthetsa atomu, elekitironi imalandira mphamvu n'kudumphira pamalo apamwamba. Koma siikhalitsa kumeneko, imagwanso, ndipo ikamagwa imataya mphamvu ija ngati kuwala. Ikagwa kuchokera patali, kuwala kumapita ku buluu kapena pepo. Ikagwa pafupi, kumakhala kofiira.

Ine ndinali kulemba zonse liwu ndi liwu, pamene ndinaona chinthu chimene sichinachitikepo: mkono wa Kachete uli m'mwamba. Osati m'mwamba kwenikweni, unangofika pakhutu.

"Madamu," anatero, mawu ake ngati udzudzu, "ndiye kuti zili ngati makwerero amene amalume amapanga? Sungaime pakati pa masitepe. Kungoti mtundu uliwonse wa atomu uli ndi makwerero akeake, masitepe ake otalikirana mosiyana."

Madamu anaika choko pansi. Anamuyang'ana ngati apeza ndolo imene inatayika chaka chatha.

"Bwereza mokweza, onse amve."

Makwerero a abambo anga! Ine ndakulira pamakwerero amenewo, ndinagwapo ndili ndi zaka zisanu, chipsera chake chili pachibwano mpaka lero. Ndiye abwere munthu wa miyezi iwiri adzawatenge n'kukawapereka kwa Madamu ngati ake? Ndinatembenukira kwa mnzanga wa pa desiki n'kuyamba kumufotokozera bwinobwino kuti fanizo limenelo linali langa, kungoti ndinali ndisanaliganize. Ndinafotokoza nthawi yaitali. Ndikukumbuka kuti Madamu anali atanyamula kawaya ndi kabotolo akusonyeza zinazake kutsogolo, koma ine nkhani yanga inali isanathe.

Pomaliza phunziro ndi pamene analengeza za mpikisano. Sukulu yathu itumiza mtsikana mmodzi. Ulendo wa pa basi, kugona masiku atatu kusukulu yaikulu, kukaona labu imene akuti ili ndi makina ogawa kuwala m'mitundu yake yonse. Opikisana tinali awiri, ine ndi Kachete. Lachisanu aliyense adzawotcha timaufa titatu palawi la gasi pamaso pa kalasi ndi ahedi, atchule mtundu wa lawi, afotokoze chifukwa chake. Wochita bwino ndiye apite.

Ine sindinagonepo kunja kwa nyumba yathu kupatula kuchipatala. Ndinali nditasankha kale diresi.

Lachinayi titaweruka Madamu anatipatsa aliyense thireyi yake: timbale titatu tagalasi ndi timawaya titatu topinda kunsonga, togwirira ufa. Anati tilembe mayina n'kuika pashelefu. Nditayang'ana timawayato mtima unanyansidwa. Takuda bii, topsereza, ngati totokosera mbaula. Timbale nato tinali ndi chifunga. Ndinaganiza: mawa ahedi akhala pampando wakutsogolo. Akaona thireyi imodzi yonyezimira ndi ina yakuda, adziwiratu kuti mtsikana wotumiza kumzinda ndi uti. Madamu atatembenuka, thireyi yanga inalowa m'chikwama.

Amayi anandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene sindiiwala: chiwiya chosanyezimira n'chosatsuka. Ndinatenga sopo waufa wochapira zovala, ndinamuponda ndi timadzi pang'ono kuti akhale phala, n'kukhala pakhonde kuyamba kukwecha. Ndinakwecha kawaya kalikonse mpaka kanayera mbee. Timbale ndinatipaka phalalo mkati ndi kunja. Nditapita kumpopi kuti nditsukuluze, mpopi unangoti fyoo, madzi asiya. Mumgolo munali otsala ophikira okha, ndipo amayi anali pomwepo. Ndinati palibe kanthu, ndipukuta ndi kansalu. Ndinapukuta, ndipo kunena zoona zinanyezimira kuposa mmene zikananyezimirira ndi madzi.

Kachete anatulukira ali ndi tsache m'manja. Anaima, n'kuyang'ana timawaya, n'kuyang'ana paketi ya sopo.

"Msuweni, watsuka ndi sopo?"

"Ayi, ndi mkaka. Ukuona ngati chiyani?"

"Madamu anati sopo ayi. Anati timangoviika m'kabotolo ka asidi kaja n'kuwotcha, mpaka lawi lisiye kusintha mtundu. Ngakhale ndi zala anati tisamagwire kunsongako."

"Ananena liti zimenezo?"

"Tsiku lija. Unkalankhula."

Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndinati mumtima, taonani nsanje. Waona kuti zanga zawala, zake zili bii pashelefu, ndiye akufuna ndikazidetsenso.

"Mayi a ukhondo," ndinatero, "inu pindani mabulangete anu. Za ziwiya tisiyireni eni ake."

"Ukapite nazo m'mawa kwambiri, uwapemphe Madamu akupatse zina."

"Kuti iwe udzaoneke wanzeru? Sesa uko, fumbi likukudikira."

Anatembenuka n'kupita kukasesa. Ndinamva kukoma tsiku lonse.

Lachisanu m'mawa ndinabweza thireyi pashelefu anthu asanafike. Piriyodi yachitatu tinalowa mu labu. Makatani anatsekedwa kuti lawi lioneke bwino, ahedi anakhala kutsogolo atapinda manja pamimba, ndipo Madamu anathira timaufa m'timbale tathu, akuwerenga mayina pamabotolo. Nditaona mathireyi awiri ali pamodzi patebulo ndinatsina mnzanga wa pa desiki.

"Taona zake. Kunyumbanso ndi choncho, kungoti amabisa."

Madamu atafunsa woyamba, ine ndinali nditaimirira kale.

Kulankhula kokha, anzanga, ndinalankhula. Ndinayamba ndi mafunde, abale onse a kuwala ndinawatchula mwa ndondomeko, wamfupi mpaka wamtali. Ndinafika pa atomu, maelekitironi akudumpha, akugwa, ndikuchita kusonyeza ndi manja. Makwerero ndinawatchulanso, ndipo ndinanena momveka kuti "makwerero a abambo anga". Ahedi ankagwedeza mutu. Ndinaona basi ija ndi maso anga, ine ndili pawindo.

"Tsopano," ndinatero, "ufa woyambawu ndi wa potaziyamu. Muona lawi la pepo, lofewa, lokongola."

Ndinagwiritsa kawaya kanga konyezimira mu ufa n'kukaika palawi.

Chikasu. Chikasu chenicheni, chowala ngwee, ngati nyali za mumsewu.

Ndinati mwina maso anga. Ndinachotsa, ndinaikanso. Chikasu.

"Pepo wake ndi wa mtundu wina," ndinatero. Wina kumbuyo anatsokomola.

Ndinathamangira kachiwiri. "Uwu ndi wa sitironshiyamu. Lawi lofiira psuu." Ndinatenga kawaya kena. Kufiira kunayesa kutuluka, sindikukana, koma chikasu chinakukwera pamsana, zonse n'kukhala ngati khoko la lalanje lowola. Kachitatu kanali ka mkuwa, kobiriwira, kamene ngakhale mwana amakadziwa chifukwa waya wa magetsi ukagwera pamoto umatero. Kubiriwira kunasuzumira m'mphepete, kenaka chikasu chinakumeza.

"Wailesi yagwira siteshoni imodzi!" anakuwa wina, ndipo labu yonse inaphulika. Ngakhale mimba ya ahedi inagwedezeka.

Nkhope inanditentha kuposa gasiyo. "Madamu, wina wasokoneza timaufa tanga," ndinatero, ndipo sindinaloze munthu, ndinangoyang'ana kumene kunali Kachete.

Madamu anabwera patebulo. Anatenga kambale kanga kamodzi, anakayang'ana chakuwindo, kenaka anakanunkhiza. Ananunkhizanso.

"Bwanji kambaleka kakununkhira ngati malaya a pa Sande?"

Apa ndiye anthu anagwa m'mipando.

"Ndinangotsukako pang'ono, Madamu. Zinali zakuda."

"Ndi chiyani?"

"Sopo waufa."

"Unatsukuluza?"

"Madzi anasiya."

Madamu anatseka maso kanthawi. Kenaka anaitana Kachete. "Tafotokoza chimene chachitika apa."

Kachete anabwera kutsogolo akuyang'ana nsapato zake. Analankhula motsitsa moti ahedi anachita kukokera mpando pafupi n'kuika dzanja kukhutu.

"Mu sopo muli sodiyamu, yemwe uja ali mu mchere. Makwerero a sodiyamu ali ndi sitepe imodzi imene maelekitironi amakonda kugwerapo, ndipo imatulutsa chikasu. Chikasu chake n'champhamvu kwambiri. Ngakhale kakhale kochepa ngati thukuta la chala, kamaphimba mitundu ina." Anaima, n'kuwonjezera, "Timaufa take n'tabwinobwino. Mitundu ija inalipo, kungoti siimaoneka."

Ndikanakonda akanandinyoza. Akanati "ndinamuuza dzulo", bwenzi ndili ndi pomugwira. Koma sanatchule n'komwe zoti anandichenjeza, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kuseka kwa kalasi lonse.

Kenaka anatenga kawaya kake kakuda kaja, kamene ndinakanyoza, anakaviika m'kabotolo, anakawotcha, anakaviikanso, anakawotchanso, mosafulumira, mpaka lawi linangokhala la buluu mmene linalili. Anagwiritsa mu ufa woyamba. Pepo. Wofewa ngati duwa, wongooneka pang'ono, anthu anachita kuimirira kuti aone. Wachiwiri, psuu, ngati magazi. Wachitatu, biriwiri, labu yonse inati "Eee!" Ine ndinaima pambali ndi thireyi yanga yonyezimira. Sindiname, zinali zokongola. Ndinadana nazo kwambiri.

Ahedi ndi Madamu ananong'onezana pakona. Atabwerera Madamu anati, "Wopita ndi Kachete." Anthu anaomba m'manja, mnzanga wa pa desiki nayenso, ndinamuona, ndipo nkhani imeneyo sinathe. "Koma pali vuto," anapitiriza. "Kumzinda holo yake ndi yaikulu, anthu mazana, ndipo oweruza sadzakokera mipando pafupi ndi iwe. Lachisanu likubwerali udzaimanso pano, ine ndidzakhala pakhomo paja. Ndikapanda kumva liwu lililonse, apita ndi Wailesi. Iyeyu pakamwa ali napo, chimene alibe ndi makutu, koma katsukidwe ka waya lero wakaphunzira moti sadzakaiwala."

Kunyumba nkhani inafika ife tisanafike, ndipo ulendo uno sinadzere kwa ine. Abambo anaseka mpaka anakhala pansi pa geti la kasitomala.

"Mwana wa wowotcherera zitsulo kutsuka waya ndi sopo! Sunaonepo kuti ine chitsulo ndisanawotcherere ndimachipala, sindichisambitsa?"

"Ndikanaona bwanji, inu mumati patali?"

Anasiya kuseka pang'ono. Anakanda m'mutu n'kubwerera kumakina awo.

Amayi okha ndi amene anaima nane. "Koma zinali zoyera?" anafunsa. Ndinati zinali zoyera. "Basi, wina aliyense anene zake. Mwana wanga sanapite kusukulu ndi ziwiya zakuda."

Loweruka masana ndinali pakhonde ndikusenda mbatata, sindikulankhula ndi munthu, zimene kwathu zimawerengedwa ngati matenda. Kachete anabwera n'kukhala pa sitepe yapansi. Anatenga mpeni wina n'kuyamba kusenda nawo. Tinasenda mbatata zinayi.

"Msuweni," anatero.

"Ndikumva. Makutu ndagula dzulo."

"Ndikaima kutsogolo, mawu amathera apa." Anagwira pakhosi. "Ndimaona maso okhaokha. Dzulo ndinangotsala pang'ono kukomoka, sunaone?"

Sindinaone. Ndinali wotanganidwa ndi kudana naye.

"Iwe umatani kuti usamaope?"

"Sinditani. Ndimangotsegula pakamwa, zotsalazo zimadzionera zokha."

"Undiphunzitse."

Mpeni unaima m'manja mwanga. Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati akundiseka, koma Kachete sadziwa kuseka munthu, ndilo vuto lake lina.

"Ukudziwa chimene ukupempha? Ukakweza mawu, ine basi ija ndaiphonya."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ukupempha ine? Sukulu yonseyi?"

"Palibenso wina amene amatha ngati iwe," anatero, akusendabe, ngati akunena kuti mvula ikubwera.

Chinthu chake n'choti ndikudziwa ndendende mmene ndingamukonzere. Ndingamuimike kumapeto kwa shedi, abambo ayatse chopalira zitsulo, ine ndiime kugeti, anene "elekitironi" mpaka ndimve pamwamba pa phokosolo. Ndingamuuze kuti asamayang'ane maso a anthu, aziyang'ana wotchi ya kukhoma lakumbuyo n'kumailalatira. Masiku asanu ndi ambiri, pofika Lachitatu akhoza kumamveka kumsewu. Ndipo ndikangokhala phee osachita kalikonse, popanda bodza, popanda kubisa kanthu kake, Lachisanu adzanong'ona monga mwa masiku onse, Madamu ali pakhomo adzapukusa mutu, ine n'kukasita diresi.

Ndinamuuza kuti ndiganize kaye. Anati chabwino, n'kutenga mbatata ina, yaikulu imene ndinkaisungira ine.

Lero ndi Lolemba. Kuyambira m'mawa akungondiyang'ana ndi timaso take tija, osafunsanso. Inuyo mukanakhala ine, mukanamuimika kumapeto kwa shedi, kapena mukanangokhala chete kamodzi kokha m'moyo wanu?